Msinkhu wa thiraki ndi milatho yotsika: zochita musanafike, mutafika, ndiponso mutakodwa kale

Phokoso la thiraki ikamagunda mlatho silifanana ndi lina lililonse. Limayamba ngati wina akukoka lata pa simenti, kenaka thiraki yonse imaima mwadzidzidzi ngati yagwidwa pakhosi. Ine ndinalimva kamodzi, usiku, m'dera la mafakitale kum'mawa kwa Johannesburg, nditanyamula kontena ya mafiti 40 yopita ku Blantyre. Chinandipulumutsa n'chakuti ndinkayenda pang'onopang'ono pofuna kuwerenga dzina la msewu. Kontena inangopindika pakona imodzi yakutsogolo, mlatho unagwetsa timiyala tingapo, koma ine malipiro a ulendo wonsewo anapita, ndipo sabata yathunthu tulo sindinatione.

Chikwangwani chinalipo, cholembedwa bwinobwino kuti 4,3 m. Ndinachiona, ndinachiwerenga. M'mutu mwanga munali nambala ya 4.2 imene ndinakhala ndikuyenda nayo miyezi yambiri, ndiye ndinangoti tidutsa. Ndinaiwala kuti tsikulo hosi yanga, mutu wa thiraki umene umakoka ngolo, inali ku galaja ndipo anandipatsa ina, komanso kuti kontenayo inali high cube, mtundu wotalikirapo kupita m'mwamba. Msewunso umenewo sunali wanga. Potulukira pa msewu waukulu pomwe ndimadzera masiku onse panali potseka, foni n'kundipezera njira ina.

Ndayamba ndi zanga kuti tisanamizane, akuluakulu. Vutoli siligwera ongoyamba kumene okha. Amene tayenda zaka zambiri ndi amene limatikonda, chifukwa tinasiya kuyeza. Ndipo kawirikawiri limabwera ndi zinthu ziwiri pamodzi, nambala yakale m'mutu ndi msewu umene sunali pa pulani. Pofika pa mlathopo nkhani imakhala itaonongeka kale ku depoti.

M'Chichewa mawu akuti kutalika timanenera zonse, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo komanso kuyambira pansi mpaka pamwamba. Pano ndikamanena za pansi mpaka pamwamba ndiziti msinkhu.

Nambala imene ili m'mutu mwanu ndi ya ulendo watha

Msinkhu wa thiraki sukhazikika. Umasintha ndi katundu, ndi ngolo, ndi hosi, ngakhale ndi mpweya wa m'mabeloni a sasipenshoni. Choncho ngati simunayeze lero, simukuudziwa.

Tiyambe ndi makontena, poti ndi amene amapusitsa ambiri. Kontena wamba ndi ya mamita 2.59. High cube ndi ya mamita 2.90. Kusiyana kwake ndi masentimita 30, ngati lula wa mwana wa sukulu, koma mukaima pansi n'kuyang'ana m'mwamba simungasiyanitse, makamaka usiku. Pali njira ziwiri zodziwira popanda kukwera. Yoyamba, high cube imakhala ndi timizere tachikasu ndi takuda m'makona akumwamba. Yachiwiri ndi yodalirika koposa, chifukwa timizereti timafufutika: yang'anani pa chitseko cha kontena, pafupi ndi nambala yake, pamakhala zilembo zinayi. Mukaona 22G1 kapena 42G1, imeneyo ndi wamba. Mukaona 45G1, ndi high cube. Nambala yachiwiriyo ndi imene ikunena msinkhu, 2 ndi wamba, 5 ndi yaitali.

Tsono onkhetsani. Ngolo zambiri zathyathyathya, zija timati flatdeck, pamwamba pake pamakhala cha m'ma mita 1.5 kuchokera pansi. Mukaikapo kontena wamba muli cha m'ma 4.1. Mukaikapo high cube mwafika 4.4, ndipo pa ngolo zina mumapitirira. Lamulo la pamsewu la ku South Africa limati galimoto ya katundu isapitirire mamita 4.3. Nkhani ya ma high cube akhala akukokanakokana nayo boma ndi eni mathiraki kwa zaka zambiri, ndipo apolisi akhala akuwalekerera kudutsa. Koma kulekerera kwa apolisi sikukweza mlatho.

Kenaka hosi. Chimbale chimene ngolo imakhalapo, chija timati fifth wheel, sichikhala pa msinkhu wofanana pa hosi zonse. Mukasintha hosi, kutsogolo kwa ngolo kumakwera kapena kutsika, ndipo kutsogoloko ndi kumene kumayamba kulowa pansi pa mlatho. N'chifukwa chake poyeza muyenera kuyeza kutsogolo ndi kumbuyo komwe, n'kutenga nambala yaikuluyo.

Ngolo yopanda katundu imakwera. Zimamveka zachibwana kuzinena, koma ndaonapo mnzathu akukodwa pobwerera pa mlatho umene anadutsa bwinobwino m'mawa wake ali ndi matani 28 a feteleza. Masipuling'i anali ataphwatalala popita, pobwerera anadzuka. Amene muli ndi sasipenshoni ya mpweya vuto lanu ndi lina: mumakweza pokoka ngolo kapena pofuna kulingana ndi pulatifomu yotsitsira katundu, n'kuiwala kubwezera. Musananyamuke onani ngati yabwerera pa msinkhu woyendera. A matipa ndi a malole okhala ndi kireni, inu mukudziwa kale. Bokosi la tipa likatsala m'mwamba pang'ono chabe, kapena mkono wa kireni ukapanda kugonekedwa bwino, mlatho uliwonse ndi wotsika. Chimodzimodzi ndi onyamula zikatapila pa ngolo yotsika ya lowbed, mkono wa makinawo ndi umene umagunda.

Katundu wofunditsidwa ndi tenti, monga mabelo a fodya kapena a thonje, amasintha ali m'njira. Amatsendereka, amapendekeka, mbali ina n'kutukuka. Nthawi zina tenti imakhuta mphepo n'kufufuma pamwamba. Mukaima pomangitsa zingwe, bwererani m'mbuyo mapazi angapo muone ngati phiri lija likadali momwe linalili.

Kayezedwe kake n'kosavuta. Imikani pamalo athyathyathya, matayala ali ndi mpweya wokwanira, ngolo itakokedwa ndi hosi imene muyendere. Ndodo yoyezera yochita kusolola ndi yabwino kwambiri, koma ngati mulibe, tepi ya amisiri ndi nsungwi yowongoka zimagwira ntchito. Gonekani thabwa kapena nsungwi ina pamwamba penipeni pa katundu, itulukire kumbali, muyeze kuchokera pamenepo mpaka pansi. Musayeze m'mphepete mwa ngolo pomwe pakati pali chotumphuka. Mukapeza nambala onjezeranipo masentimita 10, chifukwa thiraki yoyenda imadumphadumpha. Ilembeni pa kachidutswa ka selotepi ya pepala, mumate pa dashibodi pomwe maso amagwera. Katundu akasintha, matulani, mulembe ina. Mutu umaiwala pa ola lachikhumi la ulendo, kapepala sikaiwala.

Abale athu amene akuyendetsa malole ku Britain zimenezi kwa iwo ndi lamulo. Galimoto yopitirira mamita 3 iyenera kukhala ndi chosonyeza msinkhu wake m'kabini, pomwe dalaivala akuona. Kumeneko milatho yonse yochepera mafiti 16 ndi mainchesi 6, amene ndi mamita 5.03, imayenera kukhala ndi chikwangwani, komabe kampani yoyang'anira njanji ya Network Rail imawerenga milatho ya njanji yogundidwa koposa 1,500 chaka chilichonse. Msampha wawo wina ndi wa mafiti. Munthu wakulira m'mamita akaona 13'6" mutu umayamba masamu ali pa liwiro. Imeneyo ndi mamita 4.11. Mafiti 14 ndi 4.27, ndipo 14'6" ndi 4.42. Ngati muli kumeneko lembani nambala zonse ziwiri pa kapepala kaja, masamu achitikire ku depoti.

Foni ikuti khotani

Mapu a pa foni amene tonse timagwiritsa ntchito anapangidwira magalimoto ang'onoang'ono. Sadziwa msinkhu wanu, sadziwa matani anu, sadziwanso kuti muli ndi ngolo ziwiri zofika mamita 22. Akaona kuti kutsogolo kwadzaza amakupezerani njira yachidule, ndipo njira zachidule m'matauni akale ngati Germiston, Benoni ndi Boksburg zimakonda kudutsa pansi pa njanji zimene zinamangidwa malole asanakule chonchi.

Za ku Boksburg sitingazidumphe. M'mawa wa pa 24 December 2022 thankala ya gasi yochokera ku Richards Bay kupita ku Botswana inakodwa pansi pa mlatho wa njanji pafupi ndi chipatala cha Tambo Memorial. Pamwamba pa thankiyo panakhulika, gasi n'kuyamba kutuluka, moto n'kubuka, kenaka n'kuphulika. Anthu 41 anafa, ena ogwira ntchito pachipatalapo, ena amene anangobwera kudzaonerera. Malipoti anati dalaivala anaphonya njira n'kupezeka m'msewu umene sunali wake. Dalaivala aliyense amene anamva nkhaniyi anadziona yekha mmenemo, chifukwa kuphonya potulukira ndi chinthu chimene tonse chinatichitikirapo.

Ndiye mukaphonya potulukira, kapena mukapeza msewu wanu wotseka, mutani? Chinthu choyamba, zimitsani mawu a foniyo. Ikangoti yapeza njira ina, mawu ake amakukokani ngati mbuzi pa chingwe, ndipo munthu wotopa amamvera. Khalani pa msewu waukulu. Ndi bwino kupitirira makilomita 15 mpaka potulukira pena pomwe pali mlatho wodutsa pamwamba, n'kubwerera pa msewu waukulu womwewo, kusiyana ndi kulowa m'makwalala amene simukuwadziwa. Dizilo amene mutaye pamenepo ndi wochepa. Ngati palibe kuchitira mwina, imani pamalo otetezeka, hazadi ili chiyakire, mutsegule mapu n'kuyang'ana njira yonse ndi maso. Paliponse pomwe mzere wa njanji ukudutsana ndi msewu wanu, kuzani chithunzicho. Ngati njanji ili pamwamba, pamenepo pali funso. M'mizinda ya ku South Africa misewu yambiri ili ndi zithunzi za Street View, ndipo nthawi zambiri chikwangwani cha msinkhu chimaoneka. Kumbukirani kuti chithunzicho chikhoza kukhala cha zaka zingapo zapitazo.

Alipo ma GPS ndi ma app opangidwira malole, amene mumalembamo msinkhu, kulemera ndi mtundu wa katundu. Amathandiza, ndipo amene angakwanitse agule. Koma ali ndi matenda awo. Mukasiyamo nambala ya ulendo watha akutsogolerani molimba mtima kupita pa mlatho womwewo. Ndipo mukawoloka Limpopo kulowa Zimbabwe, Mozambique ndi kwathu kuno, milatho yambiri ing'onoing'ono mulibemo.

Chida chimene sichinandinamizepo kwambiri ndi dalaivala mnzanga amene wadutsa kumeneko mwezi womwewo. Pa Beitbridge, pa Nyamapanda, pa Mwanza, timakhala masiku tikudikira mapepala, tikukamba za mpira ndi za ndale. Funsani pamenepo: achimwene, ku fakitale yakutiyakuti mumalowera kuti? Imbiraninso kumene mukukatsitsa katundu, ndipo musafunse wa mu ofesi, funsani mlonda wa pa geti kapena woyendetsa forklift, amene amaona mbali imene malole amatulukira tsiku ndi tsiku. Safunsa anadya phula. Koma pofunsapo nenani msinkhu wanu. Mnzanu akati "ine ndimadutsa bwinobwino", mufunseni kuti amadutsa ndi chiyani. Wa thankala ya mafuta ndi wa high cube sayenda msewu umodzi.

Chikwangwani chikulola, koma maso akukana

Apa mverani maso.

Choyamba onetsetsani kuti mwawerenga chikwangwani choyenera. Nambala yokhala ndi timakona tiwiri, kena pamwamba kena pansi, ndi msinkhu. Timakonato tikakhala kumanzere ndi kumanja, ndi m'lifupi. Nambala yokhala ndi t ndi matani a galimoto yonse, ndipo ikakhala pamodzi ndi chithunzi cha matayala awiri olumikizidwa ndi chitsulo, ndi kulemera kwa ekisele imodzi. Chozungulira chofiira m'mphepete ndi lamulo, chamakona atatu ndi chenjezo. Ku South Africa ndi ku Mozambique amalemba ndi koma, 4,3, osati dontho.

Nambala ya pa chikwangwani inali yoona tsiku limene anayeza. Msewu akauthiranso phula pamwamba pa phula lakale, pansi pamakwera, chikwangwani n'kukhala chomwecho. Mukaona phula lakuda bii latsopano pansi pa mlatho wakale, chotsanipo masentimita angapo pa nambalayo. Mvula ikakokolola mchenga n'kuuunjika pamenepo, chimodzimodzi.

Msampha umene ambiri saudziwa ndi wa msewu wolowa pansi ngati mbale. Milatho yambiri ya njanji anaimanga pokumba msewu kuti utsike, udutse, n'kukweranso. Galimoto yaifupi imatsika yonse n'kukwera yonse. Ngolo yaitali sitero. Hosi ikayamba kukwera kutsidya, matayala akumbuyo akadali pamtunda wa tsidya lino, pakati pa ngolo pamakhala lende m'mwamba, pamwamba pa dzenjelo, ndendende pansi pa mlatho. Mukatero kutsogolo kumadutsa bwinobwino, mtima n'kukhala pansi, kenaka pakati n'kugwira. Pa mlatho wotere masentimita 10 aja sakwanira.

Milatho yokhota pamwamba ngati uta, imene yachuluka ku Britain, msinkhu wolembedwawo umapezeka pakati pokha, pakati pa mizere yoyera imene amajambula pa mlathopo. Muyenera kudikira kuti kutsogolo kusakhale galimoto, mulowe pakati pa msewu, ndipo musayambe kukhota mpaka ngolo yonse itatuluka.

Ngati chikwangwani palibe, mlatho umadzinenera wokha. Yang'anani m'mphepete mwake mwakunsi. Mukaona simenti yobenthukabenthuka, zitsulo zoonekera, mikwingwirima ya penti ya mitundumitundu, dziwani kuti anzanu anasiyapo zikopa.

Ena amati vuto ndi kuchepa kwa zikwangwani. Sindikuvomereza kwenikweni. Ku Durham, m'chigawo cha North Carolina ku America, kuli mlatho wa njanji umene unali wa mafiti 11 ndi mainchesi 8, pafupifupi mamita 3.56. Anaika zikwangwani, anaika chitsulo chotchinga, anaika makina oyeza galimoto ikamabwera n'kuyatsa chenjezo. Mu 2019 anachita kuukweza ndi mainchesi 8. Malole akugundabe. Munthu amene sakudziwa msinkhu wake, kapena amene akudziwa wolakwika ngati mmene ndinalili ine, chikwangwani amachiwerenga ngati cha anthu ena.

Mwafika, simukwana, kumbuyo kwadzaza

Pano ndi pomwe ambiri amaonongera zinthu chifukwa cha manyazi. Mahutala akulira, a taxi akukutukwanani m'zilankhulo zitatu, wina watulutsa foni akujambula. Mtima umati ingoyesani pang'onopang'ono, mwina idutsa. Musayese. Kuyenda pang'onopang'ono kumachepetsa kuonongeka, sikuchepetsa msinkhu.

Imani patali ndithu ndi mlatho, mukokere handibuleki, muyatse hazadi, muvale chovala chonyezimira, muike mathirayango. Tsikani mukaone ndi maso, ndipo ngati muli ndi ndodo yoyezera, yezani mlathowo mbali zonse ziwiri, polowera ndi potulukira. Koma ngati pamwamba pali njanji ya sitima zamagetsi, ndodo isapitirire kunsi kwa mlatho.

Ngati simukwana, njira ndi imodzi, kubwerera. Rivesi ya ngolo pakati pa magalimoto simuchita nokha. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Pezani munthu woima kumbuyo, mbali yanu, pomwe mukumuona pa galasi, ndipo mugwirizane chizindikiro chimodzi chokha chofunika, cha kuima. Akangosowa pa galasi, imani. Msewu ukakhala wodzaza itanani apolisi adzatsekere magalimoto. Ku South Africa ndi 10111, kapena 112 pa foni ya m'manja. Akhoza kukulipiritsani ngati mwalowa msewu woletsedwa, inde, koma chindapusa chimenecho muchiyerekeze ndi mtengo wa kontena, katundu wa eni ake ndi mlatho. Amene muli ndi ngolo ziwiri, nthawi zina kumasula yakumbuyo n'kuzitulutsa imodziimodzi kumafulumira kuposa kulimbana nazo zonse kwa ola lathunthu.

Mwakodwa kale

Musaponde mafuta kuti muboole. Musabwezenso rivesi mwaphuma. Zimitsani injini.

Funso loyamba ndi lakuti mwanyamula chiyani. Ngati ndi gasi, petulo, mankhwala, kapena chilichonse choyenda ndi zikwangwani za katundu woopsa, iwalani za thiraki. Imbirani apolisi (ku South Africa ndi 112), nenani malo ndi nambala ya UN, yosonyeza mtundu wa katunduyo, imene ili pa chikwangwani cha thankiyo, kenaka thamangitsani anthu. Osati mapazi khumi, apite kutali kwenikweni, mamita mazanamazana, mbali imene mphepo ikuchokera. Gasi wa LPG, uja timaphikira, ndi wolemera kuposa mpweya, amayenderera pansi n'kudzaza malo otsika, ndipo kunsi kwa mlatho ndi malo otsika. Pasakhale wosuta, pasakhale woliza galimoto pafupi. Anthu sakumverani msanga, aliyense amafuna kanema wake. Kalipani, musaope kuoneka wamisala. Inunso chokanipo.

Ngati katundu ndi wamba, onani ngati pali wovulala, tsekani msewu ndi mathirayango mbali zonse, ndipo musalole anthu kuima kunsi kwa mlatho. Ukakhala wa njanji, eni njanji ayenera kudziwa nthawi yomweyo, chifukwa kugunda kumene inu mukukuona ngati kochepa kukhoza kusuntha njanji pamwambapo, sitima n'kudzagwa. Ku Britain milatho ya njanji imakhala ndi kachikwangwani kolembedwa nambala ya mlathowo ndi foni yoimbira, ndipo amati muyambe kuimba imeneyo, kenaka apolisi pa 999. Kwina kulikonse auzeni apolisi momveka kuti ndi mlatho wa njanji. Kuthawa ndi mlandu waukulu kuposa kugundako, ndipo masiku ano pali makamera paliponse.

Nanga zija zophwetsa matayala? Zimagwira ntchito, koma pang'ono. Kutulutsa mpweya m'mabeloni a sasipenshoni kumatsitsa ngolo ndi masentimita angapo, kuphwetsa matayala kumaonjezera angapo ena. Ngati mwangokhudza, zikhoza kukumasulani. Chitani zimenezi apolisi kapena oona za mlatho atavomereza, chifukwa nthawi zina thiraki yanu ndi imene ikuchirikiza chidutswa chothyoka. Yambani ndi sasipenshoni, matayala pambuyo, ndipo musawaphwetseretu mpaka rimu kukhala pansi. Tulukani chobwerera m'mbuyo, momwe munalowera, pang'onopang'ono. Mukatuluka musathamange ndi matayala ofewa, apopeni kaye. Onaninso ma twist lock, zitsulo zomangira kontena pa ngolo, ndi kingpin yolumikiza ngolo ku hosi, poti mphamvu yonse ya kugundako inathera mmenemo.

Jambulani zithunzi zisanasunthe zinthu: chikwangwani kapena kusowa kwake, mtengo umene unachiphimba ngati ulipo, phula latsopano, msinkhu wa thiraki pa tepi. A inshulansi adzazifuna, ndipo ngati chikwangwani chinanama, umboni wanu ndi umenewo.

Misewu yoletsedwa pa zifukwa zina

Si msinkhu wokha umene umatseka msewu. Ku Durban, msewu wa M13 umatsetsereka pa Fields Hill kulowa Pinetown, ndipo ena ankaukonda pozemba tologeti ya Mariannhill pa N3. Mu September 2013 thiraki inatsika pamenepo mabuleki atakana n'kukawomba ma minibasi ndi magalimoto pa maloboti, anthu 24 n'kufa. Pali malire a malole olemera pa msewu umenewo, ndipo ndalama ya tologeti si yoti munthu n'kuikira moyo pachiswe. Pomwe alemba kuti malole onse aime asanatsike phiri, monga pa Town Hill polowa Pietermaritzburg, imani zenizeni, mulowe giya yotsika, musangochepetsa liwiro. Chiweta yathu tonse timaidziwa, safuna chikwangwani kuti atiphunzitse zimenezi.

Ku Tete, chitsegulireni mlatho wa Kassuende mu 2014, malole olemera amadzera kumeneko, osati pa mlatho wakale wa Samora Machel wa pakati pa tauni. Foni ikhoza kukulozerani wakalewo poti ndi wachidule. Tsatirani zikwangwani za malole.

Kwathu kuno nkhani imakula nthawi ya mvula. Namondwe ngati Freddy wa mu March 2023 akadutsa, milatho imakokoloka, n'kuikapo yachitsulo yongoyembekezera, kapena njira yapambali yodutsa pa makalavati. Matani olembedwa pamenepo ndi oona, musawayese. Lowani thiraki imodzi yokha, giya musankhiretu musanakwere, osaponda mabuleki kapena kusintha giya muli pakati. Kuti mwadutsa pa sikelo ya Balaka kapena ya Mwanza popanda mlandu sizitanthauza kuti kamlatho ka kumudzi kakunyamulani. Onyamula katundu wa abnormal, wopitirira muyezo wa lamulo, chilolezo chanu chimatchula msewu ndi maola oyendera. Mukapatuka pa msewu umenewo muli ngati munthu wopanda chilolezo.

Mawaya nawo ndi milatho yotsika ya m'misika yathu. Mukapita kukatsitsa katundu kuseri kwa mashopu, yang'anani m'mwamba musanakhote. Musatume mnyamata kukwera pa katundu kuti anyamule waya ndi mtengo, ngakhale aliyense akulumbira kuti ndi wa telefoni. Waya wa magetsi akagwera pa thiraki khalani m'kabini, muuze anthu asayandikire, muimbire eni magetsi. Mutuluke pokhapokha moto wabuka, ndipo potuluka mudumphe miyendo yonse pamodzi osagwira thiraki, n'kuchoka mokhwekhwereza mapazi.

Bwana akamati ingodutsani

Zimachitika. Mwaima, mwaimba foni, kumbali inayo akuti, "Adala, anzanu onse amadutsa pomwepo, kasitomala akudikira." Iye ali pa mpando mu ofesi, mlathowo sakuuona. Kukangana pa foni sikuthandiza, ndipo mawu a pakamwa amakanidwa tsiku la mlandu. Jambulani chikwangwani, jambulani kapepala ka pa dashibodi, mutumize pa WhatsApp ndi mawu ochepa aulemu: "Bwana, mlatho ndi 4.3, ine ndili 4.45. Ndikubwerera kukadzera msewu waukulu, ndichedwa ndi ola limodzi. Ngati pali njira ina imene mukuidziwa nditumizireni."

Ndinatumizapo uthenga wotere kawiri. Ulendo woyamba anangowerenga osayankha. Wachiwiri anayankha patapita mphindi zisanu, kuti ndidzere kumene ndikuona kuti n'kwabwino, koma risiti ya tologeti ndisataye.